PAPA WA MASIKU 33: MBIRI YA ALBINO LUCIANI

Kumwera kwa mzinda wa Cape Town, kuseri kwa mapiri, kuli gombe lotchedwa Hout Bay, kumene ngalawa za asodzi zimakocheza. Pa chitunda choyang'anana ndi gombelo pali mudzi wa Imizamo Yethu, ndipo mwa anthu okhala m'menemo alipo ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, amene anasiya kwao kudzafuna nchito za m'minda ya maluwa, za m'nyumba ndi zomanga. Mwezi ukatha, munthu wotere amagawa ndalama zache pawiri: zina za chakudya ndi lendi, zina zotumiza kumudzi kwa mkazi ndi ana. Ndipo lilipo funso limene limamsowetsa tulo, lakuti, kodi mwana wokula atate wache ali kutali adzakhala munthu wotani?

Nkhani ino iri ya mwana mmodzi amene anakula chomwecho m'mapiri a ku Italy, nadzakhala mtsogoleri wa Mpingo wa Katolika pa dziko lonse lapansi. Dzina lache lobadwa nalo linali Albino Luciani, ndipo pa upapa anatchedwa John Paul I, kapena monga amanenera Akatolika olankhula Chinyanja, Yohane Paulo Woyamba. Anakhala pa mpando masiku 33 okha m'chaka cha 1978. Mmodzi mwa akuluakulu amene analowa m'chipinda chomsankhira anali Kadinala Owen McCann, Arkiepiskopi wa ku Cape Town, amene dera lao linaphatikizapo Hout Bay yemweyo.

MWANA WA MUNTHU WA PA ULENDO

Albino anabadwa pa 17 October 1912 m'mudzi wa Forno di Canale, umene lero ukutchedwa Canale d'Agordo, m'chigawo cha Belluno, kumpoto kwa Italy. Anabadwa wofooka kwambiri, kotero kuti mzamba, poopa kuti mwanayo satha tsiku, anambatiza m'nyumba momwemo.

Dziko la kumeneko nlokongola koma nlosauka. Minda iri yaing'ono ndi yamiyala, ndipo chisanu chimakhala miyezi yambiri. Chifukwa chache amuna a m'midzi imeneyo anali kuchoka chaka ndi chaka kukagwira nchito ku maiko ena, monga momwe amuna a ku Nyasaland ndi a kwa Mpezeni anali kupitira ku Joni ndi ku Halale. Atate wa Albino, Giovanni Luciani, anali mmisiri womanga nyumba, ndipo anagwira nchito ku Germany, ku Switzerland ndi ku France. Dzina lakuti Albino linali la mnzao wina wa pa nchito amene anafa pa ngozi ya ng'anjo yosungunulira chitsulo. Motero mwanayo ananyamula dzina la munthu wofera ku ulendo. Amai ache, Bortola Tancon, ndiwo anasunga khomo, nalera ana ndi kuwaphunzitsa mapemphero.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, m'chaka cha 1917, asilikali a Austria ndi Germany analowa m'chigawo chimenecho, nakhalamo chaka chathunthu. Chakudya chinasowa. Atakhala Papa, Luciani anauza anthu akwao amene anadza kudzamuona kuti m'chaka chimenecho anaidziwa njala yeniyeni, ndi kuti chifukwa cha icho adzatha kumva mabvuto a anthu anjala.

Ali ndi zaka 11, mnyamatayo anafuna kulowa seminale, ndiyo sukulu yophunzitsa ofuna unsembe. Koma panali chobvuta. Atate wache anali a chipani cha anthu a nchito, chimene masiku amenewo sichinali kumvana ndi ansembe, ndipo pa nthawiyo anali kutali ku nchito. Albino anawalembera kalata yopempha chilolezo. Yankho linabwera, lolembedwa ndi dzanja lozolowera njerwa. Atatewo anabvomera, koma anaonjezapo mau akuti akuyembekeza kuti mwana wao akadzakhala wansembe adzaima ku mbali ya osauka, pakuti Kristu anaima komweko. Albino anasunga kalatayo moyo wache wonse.

WANSEMBE NDI MPHUNZITSI

Analowa seminale ya ku Feltre mu 1923, napitirira ku ya ku Belluno mu 1928, ndipo anadzozedwa unsembe pa 7 July 1935. Atatumikira pang'ono kwao ndi ku Agordo, Bambo Luciani anaitanidwa kukaphunzitsa pa seminale ya ku Belluno, kumene anakhala wachiwiri kwa mkulu wa sukulu kuyambira 1937 kufikira 1947. M'chaka chomwecho cha 1947 analandira digiri yapamwamba pa sukulu ya Gregorian ku Rome.

Ngakhale anali munthu wowerenga kwambiri, mtima wao unali pa kuphunzitsa ana ndi anthu wamba. Mu 1949 analemba kabuku kothandiza aphunzitsi a katekisimu, nakatcha Catechetica in briciole, ndiko kunena kuti chiphunzitso chogawidwa m'zinyenyeswa. Ganizo lao linali lakuti mwana sapatsidwa mtanda wathunthu wa nsima, koma amamtemera mbamu yolingana ndi kamwa lache. Mphunzitsi aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa ana aang'ono adziwa kuti kufotokoza chinthu chachikulu ndi mau apafupi nkobvuta kuposa kuchifotokoza ndi mau ozama. Luso limeneli ndilo linadzawatchukitsa pambuyo pache.

EPISKOPI WA KU VITTORIO VENETO

Mu December 1958 Papa John XXIII anawasankha kukhala Episkopi wa ku Vittorio Veneto, nawadzoza yekha m'tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome pa 27 December. Episkopi aliyense amasankha liu lomtsogolera pa udindo wache. Luciani anasankha liu limodzi la Chilatini, Humilitas, ndiko kudzichepetsa.

Sipanapite nthawi, liulo linayesedwa. Mu 1962 kunamveka kuti ansembe awiri a m'dayosizi yao analowa m'malonda achinyengo, ndipo ndalama zambiri za anthu osauka, zimene anasungitsa mokhulupirira, zinatayika. Episkopiyo akadatha kunena kuti mlanduwo uli wa anthu awiriwo. Koma iwo anaulula poyera chimene chinachitika, nagulitsa chuma china cha dayosizi kuti abweze ndalama za anthuwo.

Anakhala nawo pa magawo onse anai a Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, kuyambira 1962 kufikira 1965. Msonkhano umenewu ndiwo unatsegula njira yakuti Misa ichitike m'zinenero za anthu, kotero kuti lero ku Dedza, ku Chipata ndi ku Angonia Akatolika amapemphera m'Chinyanja pamene makolo ao anali kumva Chilatini. Mu 1966 Luciani anadza ku Africa, ku dziko la Burundi, kudzaona ansembe a m'dayosizi yao amene anawatumiza kumeneko. Ndipo pa msonkhano wa maepiskopi ku Rome mu 1971 anapereka ganizo lakuti mipingo ya m'maiko olemera izipatula gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chache chaka ndi chaka, kupereka ku mipingo ya m'maiko osauka, ndi kuti choperekacho chiwerengedwe ngati ngongole yoyenera kubwezedwa.

KU VENICE

Mu December 1969 Papa Paul VI anawatumiza ku Venice, mzinda womangidwa pa madzi, kumene episkopi wache amatchedwa Patriarka. Mu September 1972 Papayo anadzacheza ku Venice, ndipo pamaso pa khamu lalikulu anabvula nsalu yache ya paphewa, naibveka Luciani. Mwini wache anasimba pambuyo pache kuti sanachitepo manyazi otere chibadwire. Pa 5 March 1973 anakhala Kadinala.

Ku Venice anthu ena olemera sanakondwere nawo, pakuti anali kubvala mkanjo wakuda wa wansembe wamba, nayenda m'zipatala ndi m'nyumba za odwala popanda mwambo. Mu 1976 anagulitsa mtanda wagolide umene anapatsidwa ndi Papa John XXIII, kuti ndalama zache zithandize ana olumala. M'zaka zomwezo anali kulemba makalata m'magazini ina ya Mpingo, monga ngati akulembera anthu otchuka akale ndi a m'nthano, ena mwa iwo Charles Dickens, Mark Twain ndi Pinocchio, kamnyamata kosemedwa ndi mtengo. Makalata 40 amenewa anasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Illustrissimi mu 1976.

Koma munthu asayese kuti popeza anali wofatsa, analinso wogwedezeka. Mu 1968, pamene Papa Paul VI anakana njira zamakono zolerera, Luciani, amene poyamba anayembekeza kuti lamulolo lifewetsedwa, analandira chigamulocho nachiphunzitsa. Mu 1974, pamene dziko la Italy linaponya voti pa nkhani ya kusudzulana, anatseka gulu la ophunzira a Katolika a ku Venice limene linatsutsana ndi maepiskopi. Ena anawayamika, ena anawada nazo.

MASANKHIDWE A PAPA

Papa Paul VI anamwalira pa 6 August 1978. Upapa suli ngati ufumu wa m'midzi, umene umatsata mtundu, kwa mphwache kapena kwa mwana wa mlongo. Papa amasankhidwa ndi makadinala osafika zaka 80. Iwo amatsekeredwa m'nyumba za ku Vatican, osalankhula ndi munthu wakunja, naponya voti mobisa m'tchalitchi cha Sistine kufikira munthu mmodzi atapeza magawo awiri mwa atatu. Mapepala a voti amatenthedwa. Utsi wakuda ukatuluka pa denga, ndiye kuti sanamvane. Ukatuluka woyera, Papa wapezeka.

Makadinala 111 analowa pa 25 August. Ochokera ku Africa analipo, monga Owen McCann wa ku Cape Town, Laurean Rugambwa wa ku Dar es Salaam, Maurice Otunga wa ku Nairobi, Emmanuel Nsubuga wa ku Kampala, Joseph Malula wa ku Kinshasa ndi Bernardin Gantin wa ku Benin. Pa nthawiyo Malawi, Zambia ndi Rhodesia analibe kadinala.

Anthu anayesa kuti msonkhanowo utenga masiku, pakuti makadinala ena anafuna Papa wosunga zakale, ena wopitiriza kusintha. Koma tsiku loyamba lomwelo la voti, pa 26 August, pa kuponya kwachinai, mbali ziwirizo zinakomana pa munthu amene sanali wa mbali iriyonse, mbusa wosakhalapo kazembe kapena mkulu wa ofesi ya ku Vatican. Madzulo amenewo utsi unatuluka wotuwa, anthu osadziwa ngati uli woyera kapena wakuda, kufikira Kadinala Pericle Felici anatuluka pa khonde nalengeza dzina.

Dzinalo linali lachilendo. Chiyambire panalibe Papa wa maina awiri. M'mawa mwache Papa watsopanoyo anafotokozera khamu kuti John XXIII ndiye anawadzoza uepiskopi, ndipo Paul VI ndiye anawapatsa ukadinala; nanena kuti alibe nzeru ya mumtima ya woyambayo kapena maphunziro a wachiwiriyo, koma popeza akhala pa malo pao, ayenera kuyesa kutumikira, ndipo anthu awathandize ndi mapemphero.

MASIKU 33

M'masiku ochepawo sanalembe kalata yaikulu yophunzitsa Mpingo, sanasankhe kadinala, sanayende ulendo wa kunja. Zimene anasintha zinali za makhalidwe a mpandowo.

Kwa zaka mazana ambiri Papa watsopano anali kubvekedwa chisoti chachifumu cha nsanjika zitatu. John Paul I anakana mwambowo, nayamba nchito yao ndi Misa pa 3 September. Kuyambira pamenepo palibe Papa amene anabvekedwa chisoticho. Apapa akale polankhula anali kunena kuti "ife", monga amachitira mafumu. Iwo anali kunena kuti "ine". Kunalinso mpando wonyamulidwa pa mapewa a anthu, wonga machila amene akuluakulu a boma anali kuyendamo kale m'maiko muno. Poyamba anaukana, koma atauzidwa kuti anthu a kumbuyo kwa khamu sakuwaona, anabvomera kukweramo. Iwo ndiwo anali omariza kuugwiritsa nchito.

Lachitatu liri lonse Papa amaphunzitsa anthu odzamuona. John Paul I anachita misonkhano yotere inai yokha: pa 6 September za kudzichepetsa, pa 13 za chikhulupiriro, pa 20 za chiyembekezo, ndi pa 27 za chikondi. Pa woyambawo anaitana mnyamata wina wa ku Malta wotumikira pa Misa, namfunsa kuti, mwana akadwala amampatsa msuzi ndi mankhwala ndani? Ndipo amaiwo akadzakalamba nagona pa mphasa, adzawapatsa mkaka ndi mankhwala ndani? Mnyamatayo anayankha kuti iye ndi abale ache. Phunziro la lamulo lolemekeza atate ndi amai linathera pomwepo. Akuluakulu ena a ku Vatican anaona ngati kuphunzitsa kotere nkochepetsa mpando, koma anthu wamba anamva, nawatcha Papa womwetulira.

Pa 10 September, pamene atsogoleri a Egypt, Israel ndi America, ndiwo Anwar Sadat, Menachem Begin ndi Jimmy Carter, anali kukambirana za mtendere ku Camp David, Papayo anapempha anthu kuwapempherera, nanena kuti Mulungu ali atate, koma koposa apo alinso mai, wosaiwala mwana wache. Mauwo anadabwitsa ambiri, ngakhale anawatenga kwa mneneri Yesaya. Pa msonkhano womariza anakumbutsa chiphunzitso cha Paul VI chakuti mitundu yanjala iri kupfuulira mitundu yokhuta, ndi kuti munthu alibe ufulu wosunga yekha zomtsalira pamene mnzache asowa zofunika.

M'masiku omwewo munagwa chinthu chachisoni. Pa 5 September Nikodim, mkulu wa Mpingo wa Orthodox wa ku Leningrad, anagwa namwalira ali kucheza ndi Papayo.

IMFA NDI MPHEKESERA

Madzulo a pa 28 September Papa anamva kupweteka m'chifuwa, koma sanalole kuti aitane dokotala. Atadya, analankhula pa telefoni ndi Kadinala Giovanni Colombo wa ku Milan, nakagona. M'mamawa pa 29 September, Sisitere Vincenza Taffarel, amene anawatumikira zaka zambiri, anaona kuti khofi amene anawaikira sanamwedwe. Analowa m'chipinda pamodzi ndi sisitere mnzache, nawapeza atamwalira pa kama, nyali iri chiyakire, mapepala ali m'manja. Anali ndi zaka 65. Dokotala Renato Buzzonetti analemba kuti anafa ndi nthenda ya mtima. Chiyambire Leo XI, amene anakhala masiku 27 mu 1605, panalibe upapa waufupi chotere. Akale anati mlendo ndi mame.

Pamenepa akuluakulu a ku Vatican analakwa. Poona ngati nkosayenera kunena kuti mkazi ndiye analowa m'chipinda cha Papa, analengeza kuti anawapeza ndi mlembi wao, Bambo John Magee. Ndiponso thupi silinapimidwe ndi madokotala kuti chodwalitsa chidziwike bwino. Choona chitaululika, anthu anafunsa kuti, ngati anabisa ichi, anabisanso chiani? Mu 1982 banki ya Ambrosiano, imene inali ndi malonda ndi banki ya ku Vatican, inagwa, ndipo mkulu wache Roberto Calvi anapezeka atafa ku London. Mu 1984 David Yallop analemba buku lakuti In God's Name, nanena kuti Papayo anapatsidwa poizoni chifukwa anafuna kufufuza za ndalamazo. Bukulo linagulidwa kwambiri, koma silinapereke umboni wogwirika. Mu 1989 John Cornwell, atafufuza nkhaniyo, analemba kuti imfayo inali ya matenda. Mu 2017 Stefania Falasca anasindikiza zikalata za madokotala ndi umboni wa sisitere wachiwiri uja, ndipo zonsezo zinaloza ku nthenda ya mtima. Bodza laling'ono lonenedwa m'mawa umodzi pofuna kusunga ulemu linabala mphekesera za zaka makumi anai.

ZIMENE ANASIYA

Maliro anachitika pa 4 October, ndipo makadinala, McCann ali pakati pao, anabwereranso ku Rome. Pa 16 October anasankha Karol Wojtyla wa ku Poland, Papa woyamba wosakhala wa ku Italy chiyambire chaka cha 1522. Iye anatenga dzina la womwalirayo, nakhala John Paul II. Ndiye amene anadzacheza ku Zimbabwe ndi ku Mozambique mu 1988, ku Zambia ndi ku Malawi mu May 1989, ndi ku South Africa mu 1995. Otsatira ache, Benedict XVI wa ku Germany, Francis wa ku Argentina ndi Leo XIV wa ku America, onse anachokera kunja kwa Italy. Motero Luciani ndiye Papa womariza wa ku Italy kufikira lero, ndipo imfa yao yadzidzidzi ndiyo inatsegula khomo limene linali lotseka zaka zoposa 450.

Nchito yofufuza moyo wao kuti awerengedwe pakati pa oyera inayamba ku Belluno mu 2003. Mpingo unabvomereza ngati chozizwitsa kuchira kwa mtsikana wa zaka 11 ku Buenos Aires mu 2011, ndipo pa 4 September 2022 Papa Francis anawatchula Wodala. Tsiku lowakumbukira ndi 26 August, tsiku limene anasankhidwa.

Chuma chimene anasiya chinali chochepa: mabuku, makalata ndi maphunziro anai a Lachitatu. Koma apapa onse obwera pambuyo pao anasiya chisoti ndi machila, nalankhula ndi anthu pafupi. Ndipo chiyambi cha zonsezi chinali kalata ya mmisiri wa njerwa, yolembedwa ku dziko la eni, kwa mwana wa zaka 11 amene anali kumuona miyezi yowerengeka pa chaka. Mmisiriyo analibe munda waukulu kapena ng'ombe zomsiyira mwanayo. Anampatsa chilolezo ndi mau ochepa, ndipo mwanayo anawasunga zaka 55. Masiku ano munthu wa ku Imizamo Yethu salembanso kalata ya pa pepala, amaimba foni. Koma mwana wa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, wolandira ndalama ya fizi mwezi ndi mwezi, amamvetsera ndithu zimene atate wache anena pamodzi ndi ndalamayo.